Thonje Lopunduka la M'mbali mwa Njira

Alamu anga a Simeoni Mbewe ali ndi khalidwe limene linanditengera zaka kuti ndilizolowere. Akalakwitsa chinthu, amalengeza. Enafe tikalakwitsa timakwirira msangamsanga ngati mphaka, koma iwo amaimitsa anthu panjira kuti abwere adzaone.

Anabwera kuno kwa Zemba kuchokera kwa Mlolo kudzakwatira akulu anga a Nancy, ine ndikadali mtsikana wa pasukulu. Katundu wawo anali mphasa, thumba la masipanala ndi njinga yopanda mabuleki, imene ankaiimitsa ndi chidendene. Monga mkamwini aliyense, anapatsidwa malo omangapo nyumba kumapeto kwa mudzi ndi munda wa kuchikazi. Iwo anawonjezera kachisakasa m'mbali mwa njira yopita ku boma la Chadiza, n'kuyamba kukonza njinga. M'kupita kwa zaka anayamba kulandiranso mapulawo, mateyala a ngolo ndi masipuleya opopera mankhwala m'minda. Lero imvi zamera, ana awo ena ali pabanja, koma m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu mudzawapeza pomwepo, atakhala pa chitsa, mafuta akuda ali m'zikhadabo. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pafupi ndi chisakasacho, ndiye zambiri zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga.

Mukalowa m'chisakasamo muyang'ane kudenga. Pamtanda pakulendewera zitsulo zowonongeka, chilichonse pa waya wake. Si zoti adzazigwiritsenso ntchito ayi. Ndi zinthu zimene anaziwononga okha ndi manja awo. Pali foloko ya njinga imene anaiwongola poiwotcha pamoto, osadziwa kuti chitsulo chotere chikapsa chimafooka. Inathyoka pamtsetse itanyamula thumba la mtedza, mwini njinga n'kuguluka dzino. Pali kamlomo ka sipuleya kamene anakakuza ndi msomali kuti kazitulutsa mankhwala ambiri, ndipo kanatulutsadi, mpaka kuwaula tomato yense wa m'dimba mwa munthu. Ukangoloza chimodzi, wadziputira nkhani. Amasiya sipanala pansi n'kukufotokozera zimene ankaganiza, zimene anachita ndi zimene zinatsatira, osadumpha pochititsa manyazi.

Ine zimenezi zinkandinyansa. Tsiku lina ndinawamva akufotokozera mlendo za foloko ija, mlendoyo ali ndi njinga m'manja kufuna kuikonzetsa.

"Alamu," ndinatero mlendo atapita, "kodi makasitomala mumawafuna kapena mumafuna kuwathamangitsa?"

"Mlamu," anandiyankha osatukula n'komwe mutu, "dzino la munthu uja linaguluka kale. Ukufuna ligulukenso la wina kuti tiphunzire zomwezomwezo?"

Ndinabwerera ku zitumbuwa zanga.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa mmene timachitira kuno. Chinthu chikawonongeka, funso loyamba ndi lakuti wachita ndani, ndipo lachiwiri ndi lakuti alipira mbuzi kapena nkhuku. N'chifukwa chake munthu akathyola pulawo yobwereka amaimanga ndi waya n'kukaibweza mwini wake kulibe. Aliyense ali ndi kanthu kamene kanamuvutapo m'munda, koma amafa nako. Ndiye cholakwa chimodzi chimazungulira mudzi wonse, khomo ndi khomo, aliyense n'kumaganiza kuti chayamba ndi iye.

Chaka chimene mankhwala opha udzu anafika kuno, kalabu yathu ya alimi inali ndi sipuleya imodzi yokha. A Simeoni anapopera udzu m'chimanga, anatsuka sipuleya ndi madzi mpaka kukhutira kuti yayera, kenako anathiramo mankhwala a mbozi n'kukapopera thonje. Patapita masiku, masamba atsopano anayamba kutuluka owonda, aatali, opiringizika ngati zala za nkhuku. Thonje siligwirizana ndi mankhwala a udzu, ngakhale kotsalira pang'ono m'paipi kamene diso silingaone. Chaka chimenecho malata amene a Simeoni anawalonjeza akulu anga sanagulidwe, ndipo nyumba inafoleredwanso ndi udzu. A Nancy anakhala nthawi ndithu akuwayankha ndi mawu amodziamodzi.

Wina akanazula thonje lonselo msanga anthu asanaone. Iwo anazula lambiri n'kubzala mbatata, koma anasiya mizere iwiri ya kunjira kuti aliyense wodutsa aone. Akulu anga ankapita kutchalitchi modzera njira ina chifukwa cha manyazi. Kenako a Simeoni anakakamiza kalabu kugula sipuleya yachiwiri, yofanana ndi yoyamba, ndipo anapaka penti yofiira pa chivindikiro cha ya udzu. Chofiira cha udzu, chakuda cha mbozi: ngakhale mwana ankadziwa. Anayambitsanso kachizolowezi kena. China chikavuta pa zipangizo za kalabu, alimi amakumana pamunda pomwepo, aliyense n'kunena zimene anachita, popanda mbuzi kapena nkhuku. Poyamba anthu ankabwera kudzaseka. Pang'onopang'ono anayamba kubwera kudzamva, ngakhale ambiri ankamvabe za ena, zawo osanena.

Nkhani imene inandisintha maganizo pa alamu angawa ndi ya dzinja lathali.

A Elinata ndi mwana wa amayi athu aakulu, mayi wamasiye, wolimbikira ntchito koma wa pakamwa pakuthwa. Mwana wawo Regina anakwatiwa ndi Osward wa kwa Zingalume, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Miracle, amene nthawiyo ankakwawa. Osward ndi munthu wosalankhulalankhula, woti ukamupatsa khasu amaiwala kuti dzuwa likuwotcha. Koma a Elinata sanamukonde chiyambire. Ankati anabwera chimanjamanja, ngati kuti akamwini enawa amabwera ndi ng'ombe. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Choncho mawu onse pakati pawo ankadzera mwa Regina, ndipo ambiri mwa mawuwo anali madandaulo.

Mu Januwale mbozi zinalowa m'thonje la a Elinata, ndipo anatuma Regina kuti auze mwamuna wake akapopere. Masipuleya onse awiri anali pakhonde pawo tsiku limenelo. Osward anatenga ya chivindikiro chakuda, anapopera munda wonse, n'kuibweza pamene anaitenga. Sipanapite nthawi yaitali, masamba anayamba kutuluka ngati zala za nkhuku.

A Elinata analira m'mundamo ngati pamaliro, ndipo sindikuwanena. Thonje limenelo ndilo linali sopo wawo, feteleza wawo ndi sukulu ya mwana wawo wotsiriza. Mlongo wawo a Wadson Phiri, amene ndi mwini mbumba yathu, sanachedwe kugamula. Anati mkamwini amene satha kusiyanitsa chofiira ndi chakuda ndi wosasamala, ndipo ngati amatha, ndiye kuti anachitira dala. Anatumiza mawu kwa ankhoswe a Osward kuti abwere Loweruka adzatenge munthu wawo. Mwana akanatsala, chifukwa kuno mwana ndi wa kuchikazi.

Osward ananena mawu amodzi okha: "Ndinatenga ya chivindikiro chakuda." Palibe anamukhulupirira. Regina ankangolira.

Pakati pa mlunguwo Osward anabwera kuchisakasa akukankha njinga yake, tcheni chitaduka. Anafuna ikonzedwe Loweruka lisanafike. Ine ndinali pa zitumbuwa zanga, makutu ali komweko.

"Ulendo wa kuti?" anafunsa a Simeoni, ngati kuti sakudziwa.

"Wa kwathu, bambo. Andiitanira ankhoswe."

"Munatengadi ya chakuda?"

"Ya chakuda. Ndinayang'ana ndisananyamule, monga munatiphunzitsira. Thonje ndi thonje, likhoza kumeranso chaka chamawa. Koma mwana uja ayamba kuyenda ine kulibe."

A Simeoni anapachika njingayo pa chingwe osaikonza n'komwe, anatseka thumba la masipanala, n'kupita kumunda kwa a Elinata. Anauyenda kuyambira kuchulu, kumene Osward anayambira kupopera, mpaka kumunsi. Kuchulu thonje linali lopunduka lonse, pakati linali lowonongeka pang'ono, kumunsi linali lobiriwira bwinobwino. Pobwerera anatenga masipuleya onse awiri n'kuwatsekera m'nyumba mwawo, ndipo anatumiza uthenga kwa a kalabu kuti akumane pamundapo Lachisanu m'mawa.

Akulu anga anawaletsa. "Bambo a Karen, inu ndinu mkamwini. Nkhani ya mbumba ya eni mukuilowa ngati ndani? Mukufuna nanunso akuitanireni ankhoswe ndi imvi zanuzo?"

"Za banja sindikambako," anatero. "Ine ndikukamba za sipuleya. Pali anthu akuidikira kuti akapopere thonje lawo."

Ine ndinali kumbali ya akulu anga. Ndinkaona kuti akungodziitanira chipongwe.

Lachisanu anthu anabwera ambiri kuposa a kalabu, chifukwa nkhani ya banja imakoka anthu kuposa ya mbozi. A Elinata anakhala pansi pa mtengo wa mango atafunda chitenje kumutu. Osward anaima patali, kuseri kwa chulu. A Simeoni anaika masipuleya pakati pa anthu, moyandikana.

"Chaka chatha lamba wa sipuleya ya udzu anaduka," anayamba choncho, "ndipo ndinamulumikiza ndi chubu cha njinga. Onani chubucho chili pati." Chinali pa sipuleya ya chivindikiro chakuda. Anamasula zivindikiro zonse ziwiri, anazisinthanitsa, ndipo chilichonse chinakwana bwinobwino. "Ndiye kuti a Osward ananena zoona. Anatenga ya chakuda, koma chakudacho chinali pa sipuleya ya udzu. Munda nawonso ukuvomereza. Kumene anayambira kwapsa kwambiri, chifukwa zotsalira m'paipi zinatuluka ndi thanki yoyamba. Cholakwa choyamba ndi changa. Ndinaika chizindikiro pa chinthu chimene chimachoka. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira penti yanga, osaganiza kuti chivindikiro chili ngati chipewa, mutu uliwonse utha kuvala."

Ena anaseka. A Wadson sanaseke. "Alamu, tisazungulire. Anasintha ndani?"

"Sindikudziwa, a Phiri, ndipo dzina silindithandiza kukonza sipuleya. Ndikufuna kudziwa mmene inayendera. Ya udzu inafika bwanji pakhonde paja?"

A Wadson anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, kenako anavomera kuti ndi iwo. Anapopera udzu m'chimanga chawo, mvula inawapeza, anaisiya pakhonde pa mlongo wawo ili ndi mankhwala pang'ono, n'cholinga choti adzaitenge mawa lake. Mawa lakelo kunagwa maliro kumudzi wina, ndipo anaiwala. Ananena zimenezi mokakamizika, akudikira kuti wina awaloze chala. Palibe anawaloza. A Simeoni anangoti, "Zikomo. Mvula imeneyo inandipezanso ine," n'kufunsa ngati alipo wina amene anaigwirapo.

Kenako Regina anaimirira, Miracle ali kumsana.

"Ndine," anatero. "Ndinapeza mwana akukwawira pamene panali masipuleya, akufuna kuika paipi m'kamwa. Ndinataya zotsalira kudzala, ndinatsuka onse awiri, zivindikiro ndinaziyanika pa thandala. Pobwezera sindinayang'ane. Masamba atangoyamba kupindika ndinakumbukira. Koma ndinaopa amayi, ndinaopanso malume."

Ndinene mosabisa, ine mtima unandiwawa, ndipo unandiwawira Osward. Masiku onsewo ankagona nyumba imodzi ndi munthu amene ankadziwa, iye akudikira tsiku lomuthamangitsa. Ndikanakhala ine, ndikananyamuka pomwepo ngakhale wapansi. Iye anatuluka kuseri kwa chulu, n'kunena kuti, "Amake Miracle, munachita bwino kuchotsa mankhwala pafupi ndi mwana."

A Wadson anali atapeza potulira mkwiyo wawo. "Ndiye iwe Regina, masiku onsewa unangokhala chete, ife n'kumatumiza mawu kwa eni ake..."

"A Phiri," anawadula a Simeoni, ndipo kanali koyamba kuwamva akudula mawu mwini mbumba, "mukamukalipira lero, wina akadzalakwitsa mawa adzakhala chete kuposa iyeyu. Wanena chifukwa waona kuti inu mwanena ndipo simunafe. Ine ndinapaka penti pamalo olakwika, inu munathawa mvula, iye anateteza mwana, a Osward anatsata zimene ndinawaphunzitsa ndekha. Palibe amene anadzuka m'mawa kuti akawononge thonje. Tiyeni tikonze pamene tinagwerapa, wina asadzagwerenso."

Anakambirana mpaka dzuwa kutentha. Anagwirizana kuti sipuleya ya udzu ipakidwe penti thupi lonse, paipi ndi malamba omwe, ndipo izigona kuchisakasa kokha, osati pakhonde la munthu. Mayi wina anati nayenso amatsukira masipuleya pamodzi, anangochita mwayi. Bambo wina anaulula kuti chaka chatha nyemba zake zinapindika chimodzimodzi, iye n'kumaganiza kuti wamulodza mnansi wake, ndipo chiyambire sapatsana moni. Mnansiyo anali pomwepo, pakamwa pali yasa. Zonsezi zinali bwino, koma ine maso anga anali pa a Elinata. Anthu asanabalalike iwo anaimirira, anakutumula chitenje, n'kumapita kwawo. Uthenga wa kwa ankhoswe unali usanabwezedwe, ndipo a Simeoni analibe mphamvu youbweza. Madzulo ake anakonza tcheni cha njinga ya Osward, chifukwa analibenso chifukwa choichedwetsera.

Loweruka m'mawa ndinadutsa dala kumundako ngati ndikupita kudimba. Ndinapeza Osward akuzula thonje lopunduka kuchulu kuja, katundu wake atamanga kale kunyumba. Regina anali chapatali akuunjika zozulidwazo, awiriwo osayang'anana. Posakhalitsa a Elinata anatulukira ndi mtolo wa mbewu ya mbatata pamutu. Osward atawaona anayamba kupatuka monga mwa mwambo.

"Regina, auze amuna akowo kuti..." anayamba a Elinata, koma analekeza panjira. Anatula mtolo pansi, anatembenukira kumbali osamuyang'ana kumaso, n'kunena mokweza, "Akamwini, musapatuke. Mukamaliza kuzula muunde mizere, mbewuyi ingafote. Koma mizere iwiri ya kunjirayo muisiye mmene ilili."

Kanali koyamba kulankhula naye chikwatirire. Osward anagwada pomwepo m'matope n'kuwomba m'manja. Ankhoswe ake anafika masana pa njinga, anaphikiridwa nkhuku, ndipo anabwerera kwa Zingalume opanda munthu amene anadzera.

Sindinganame kuti zonse zinatha bwino. Thonje lambiri linapita, mwana wotsiriza wa a Elinata anakhala pakhomo temu yonse, ndipo Regina ndi mwamuna wake anatenga nthawi kuti ayambenso kusekerana. Kachitini kakale ka penti yofiira tsopano kakulendewera pa waya m'chisakasa, pakati pa foloko ndi kamlomo ka sipuleya, ndipo alamu anga amakafotokoza kwa wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Ine ndinasiya kuwanena za makasitomala. Miracle anayamba kuyenda mvula itatsala pang'ono kutha, ndipo anayendera kwa bambo ake.

Mizere iwiri ija inakhalapo mpaka nthawi yokolola. Tsiku lina ndikuthandiza a Elinata kukumba mbatata, bambo wina wodutsa pa njinga anaima, anayang'anitsitsa masamba opiringizikawo n'kufunsa, "Mayi, thonje lotereli wakuwonongerani ndani?"

A Elinata anaweramuka, anapukuta manja pa chitenje. "Funso limenelo linatsala pang'ono kundilanda mkamwini," anatero. "Tsikani panjingapo, ndikuuzeni mmene zinayendera."